Lachinayi Lomaliza la Achemwali Anga

Achemwali anga salakwa. Kwathu ku Zomba tonse tinakula tikudziwa kuti mbale ikasweka ili m'manja mwawo, mlandu ndi wa amene anaitsuka osaipukuta. Iwo ndi mwana wachisamba, ine wachitatu. Anapita ku Amereka ine ndikadali pasukulu ya unamwino, ndipo pamene nanenso ndinkanyamuka ulendo wa ku Mangalande, iwo anali asanapondenso kumudzi.

Pofika mu 2006 tinali titatha zaka zoposa khumi tisanaonane maso ndi maso. Ine ndinkagwira ntchito pachipatala chachikulu cha ku Coventry, m'wodi ya anthu okalamba. Amuna anga ankaphunzira kuyunivesite, ndipo kumapeto kwa sabata ankakanyamula makatoni kuweyahausi. Mwana wathu wamkazi, wobadwira komweko, anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo amayi ake aakuluwo ankangowadziwira pafoni.

Tsiku lina mu Malichi ndinagula khadi yoimbira kunja pagolosale ya mu Foleshill, n'kuwaimbira. Tisanamalize ndi moni yemwe, anandidula.

"Chaka chino ndikubwera kudzakuona. Ndatopa n'kumangomva mawu. Ndibwera pa Thanksgiving."

Ndinakuwa ngati mwana. Ndinkadziwa pang'ono kuti Thanksgiving ndi tsiku limene Aamereka amayamika chifukwa cha zokolola, kuti maofesi amatseka ndipo mabanja amasonkhana kudya nkhukundembo. Koma kuti limagwa liti, sindinkadziwa. Ku Mangalande kulibe zimenezo.

"Imakhala liti, achemwali?"

"Iwe, mpaka pano sudziwa? Lachinayi lomaliza la Novembala. Chaka chilichonse."

"Lomaliza?"

"Lomaliza. Kodi foniyi ikuduka? Ndifika Lachitatu lake, ndibwerera Lamulungu."

Mawu amenewo ndikhoza kuwalumbirira pamaso pa woweruza aliyense. Nditangoika foni ndinapita pakalendala ya kukhitchini, ndinavundukula mpaka Novembala, n'kuzunguliza Lachinayi la pansi penipeni, la pa 30.

Amene sanagwirepo ntchito m'wodi sangamvetse mmene holide ya namwino imavutira. Sumangodzuka n'kunena kuti sabata yakuti sindibwera. Pali rota, ndondomeko ya mashifiti imene manejala wa wodi amaikonza nthawi ikadali kutali, ndipo anamwino amene angapume nthawi imodzi ndi ochepa. Nditapita kukapempha sabata yomaliza ya Novembala, manejala wathu, mayi wachizungu wofatsa koma wosasunthika, anandiuza kuti inatengedwa kale. Anaitenga anali mnzanga wa ku Lusaka, amene tinkadya naye limodzi pabuleki n'kumajeda anthu m'chinenero chathu.

Ndinamupeza akukonza thirole ya mankhwala. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anamwetulira mwa mtundu umene sindinaukonde.

"Palibe vuto, mwana wa kwathu. Nizakupasa wiki yako. Manje iwe unipase Khirisimasi."

Khirisimasi ziwiri zotsatizana ndinali nditazithera m'wodi. Chaka chimenecho inali nthawi yanga yopuma, ndipo mwana ndinali nditamulonjeza kale kuti amayi adzakhalapo potsegula mphatso. Ndinati ndimupatse Pasaka, anakana. Ndinati Chaka Chatsopano, anaseka mpaka kugwira thirole. Ndinaganiza za zaka zonse zija zosaonana ndi mbale wanga, n'kuvomera. Tinapita limodzi kwa manejala, nkhani inatha.

Miyezi yotsatirayo ndinakonzekera ngati kukubwera bishopu. Kachipinda kosungiramo masutikesi tinakapenta, tinaikamo bedi ndi makatani atsopano. Ku Handsworth, kumene tinkapemphera ndi Amalawi anzathu Lamulungu lililonse m'holo yobwereka, panalibe mayi amene sanamve kuti achemwali anga a ku Amereka akubwera. Ndikawafunsa eni akewo za tikiti, yankho linali limodzi.

"Tikiti ndinagula kalekale. Ndi pa Thanksgiving, ndinakuuza. Nthawi ya ndege ndidzakuuza masiku akayandikira."

Mu Okotobala mwana anabwera ndi uthenga wa kusukulu woti kuli mwambo wa zokolola, aliyense abweretse chakudya chokapatsa osowa. Ananyamula zitini ziwiri za nyemba ndi paketi ya mpunga. Ndinaseka ndekha. Kwathu masika ndi Epulo ndi Meyi, ndipo tsiku la Masika kutchalitchi kutsogolo kumadzaza maungu, mtedza, nzimbe, chimanga, ndi nkhuku zomanga miyendo zimene zimalira pakati pa ulaliki. Kuno akukolola zitini mu Okotobala. Kwa achemwali akudikira mpaka Novembala, chisanu chitalowa kale. Ndinauza amuna anga kuti azungu sagwirizana ngakhale pa nthawi yokolola. Iwo anati nkhani imeneyo ndi yofunika kuifufuza. Kwa amuna anga chilichonse ndi chofunika kuchifufuza, kupatula mpopi wa kubafa ukamadontha.

Lamulungu lina pakati pa Novembala, titangofika kuchokera kutchalitchi, ndisanavule ndi nsapato zomwe, foni inalira. Anali achemwali.

"Uwauze alamu adzandichingamire Lachitatu m'mawa kubwalo la ndege la ku Birmingham. Abwere ndi ambulera, akuti kwanuko mvula siikata."

"Lachitatu la sabata inayo."

"Inayo iti? Lachitatu lino. Mtondo."

Ndinakhala pansi pa masitepe.

"Achemwali, Lachinayi lomaliza ndi pa 30."

"Nanga za pa 30 ine ndikuzidziwa? Thanksgiving ndi pa 23. Dziko lonse la Amereka likudziwa zimenezo."

"Munati lomaliza!"

"Ine? Ine ndinati Lachinayi lachinayi. Iwe unangomva Lachinayi limodzi, linalo unayesa chibwibwi."

"Munati lomaliza. Ndinachita kukufunsani kawiri."

"Nanga si chimodzimodzi? Lachinayi lachinayi ndiye lomaliza."

"Chaka chino alipo asanu!"

Ndinamva akutembenuza mapepala. Ndinadikira, ndikuyembekeza kuti mwina ukalamba wawafewetsa.

"Ee, alipodi asanu," anatero. "Ndiye iwe, namwino wathunthu, unalephera kuwerenga mpaka folo?"

Ndinapatsira foni amuna anga, chifukwa mawu amene anali atafika pakamwa panga sanali oyenera munthu wochokera kutchalitchi.

Lolemba lake amuna anga anabwera kuchokera kulaibulale nkhope ikuwala ngati munthu wotola chikwama. Ine ndinali kukhitchini, mutu ukuwawa ndi kuganiza kuti ndikayamba bwanji kupempha kuntchito.

"Mayi, mukudziwa kuti alamu sanalakwe kwenikweni?"

"Abambo, samalani."

"Ayi, tamverani. Nkhaniyi ndi yokoma."

Anakoka mpando n'kuyamba kundiphunzitsa. Anati kalekale, Aamereka ali pankhondo yapachiweniweni, pulezidenti wawo analengeza kuti dziko lonse liziyamika pa Lachinayi lomaliza la Novembala, poti kale chigawo chilichonse chinkachita tsiku lakelake. Mapulezidenti obwera pambuyo ankangobwereza zomwezo, mpaka anthu anazolowera. Ndiye chaka chimene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inkayamba, chuma chili chovuta, Novembala anagwa ndi masiku a Lachinayi asanu, ngati wathuyu. Eni masitolo akuluakulu anadandaula. Anati anthu sayamba kugula za Khirisimasi chikondwererochi chisanapite, ndiye chikachedwa, masiku ogulitsa achepa. Pulezidenti wa nthawiyo anawamvera, n'kubweza tsikulo m'mbuyo ndi sabata imodzi.

"Ndiye kunali chipwirikiti, mayi! Makalendala anali atasindikizidwa kale. Masukulu anali atakonza kale holide, a mpira atakonza kale masewero awo. Zigawo zina zinatsatira pulezidenti, zina zinakana, zinati ife tidya tsiku lathu lakale. Zina zinadya kawiri! Munthu akupuma sabata ino, m'bale wake wa chigawo china akupuma sabata yamawa, osatha kudyera limodzi. Ngati inuyo ndi alamu!"

Apa anaseka mpaka kumenya tebulo. Anati chisokonezocho chinapitirira zaka zingapo, kufikira aphungu a nyumba ya malamulo anakhala pansi n'kukhazikitsa kuti lizikhala Lachinayi lachinayi, kaya mweziwo uli ndi anayi kaya asanu. Zaka zambiri lachinayilo limakhaladi lomaliza, n'chifukwa chake anthu ambiri amangoti lomaliza.

"Ndiye mukuona," anatero, "alamu ananena zoona, kungoti zoona zake ndi zakale."

Ndinawayang'ana. Ndinawafunsa ngati pulezidenti ameneyo akadali moyo kuti adzandigwirire shifiti ya Lachinayi. Ndinawafunsa ngati eni masitolowo anasiya adzukulu amene angabwere kudzauza mwana wanga chifukwa chake amayi ake sadzakhalapo pa Khirisimasi. Anthu akuluakulu a masuti, dziko lonse lili pankhondo, anapeza nthawi yokankhakankha tsiku lodyera nkhukundembo ngati mpando wa pakhonde, ndipo amene akulipira ndine, mwana wa ku Zomba amene sindinapondeko ndi ku Amereka komwe. Amuna anga anati pamenepo pali mfundo yofunika kuifufuza. Ndinawauza kuti atuluke m'khitchini.

Kuntchito sizinayende. Manejala anamva chisoni ndithu, anagwira pachifuwa, koma anati anamwino awiri akudwala ndipo palibe wondilowa m'malo. Sabata yanga yopuma inali yamawa, siikanasuntha. Mnzanga wa ku Lusaka atamva, anaseka mpaka misozi.

"Iwe, sisita wako ni nkhani! Koma Khirisimasi siningabweze, amai banga babwera."

Amene anandichitira chifundo ndi namwino wina wa ku Philippines, amene anavomera kutenga shifiti yanga ya Loweruka. Motero pa masiku onse amene achemwali akanakhala m'nyumba mwanga, ine ndinali ndi limodzi. Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu ndinali pa mashifiti aatali aja, olowa kusanache n'kutuluka kutada.

Lachitatu tsiku lonse ndinali kuyang'ana wotchi ya m'wodi. Pano atera. Pano ali mumsewu. Pano alowa m'nyumba mwanga, akuona makatani anga, ine ndili pano kutembenuza agogo a eni. Madzulo nditatsika basi ndinachita kuthamanga. Chitseko anatsegula ndi iwowo. Ndinaima kaye, chifukwa amene anaima pakhomopo anali amayi athu enieni: masaya omwewo, imvi za pamphumi zomwezo, ngakhale kaimidwe kogwira m'chiuno. Tinakumbatirana nthawi yaitali, tonse tikulira. Atandisiya anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wakalambatu. Ndipo nyumba yakoyi ndi yozizira."

Ndinati ndikasambe kaye kuti ticheze bwino. Nditatsegula chitseko cha kubafa ndinabwerera m'mbuyo. M'bafa munali madzi odzaza, ndipo m'madzimo munali chinkhukundembo chachikulu ngati mwana wa mbuzi, chouma gwa ndi ayezi.

"Usachikhudze," anakuwa achemwali ali pansi. "Chikusungunuka. Ndi cha mawa."

Zinapezeka kuti atangosiya masutikesi, anauza alamu awo kuti sangadutse Thanksgiving popanda nkhukundembo. Anazungulira masitolo a mu Coventry, koma mu Novembala ku Mangalande nkhukundembo zaziwisi zimakhala zisanafike, zimadikira Khirisimasi. Anangopeza za mufiriji, ndipo achemwali anasankha yaikulu kuposa zonse. Ndinasamba pasinki, ngati mlendo wa pa depoti. Nditatsika kuti ticheze, akuti ndinagona pampando iwo ali pakati pa nkhani.

Lachinayi ndinapirira shifiti yonse ndi chithunzi chimodzi m'mutu: tebulo lathu laling'ono, anthu anayi, ine ndi mbale wanga tikukumbutsana za kwathu. Nditafika mumsewu wathu ndinaona magalimoto atatu amene ndinkawadziwa bwino. Anali a ku Handsworth. Amuna anga, poopa kuti alamu awo asungulumwa, anaimbira anthu a kutchalitchi. Munthu ukaitana Mmalawi mmodzi kuti kuli mlendo wa ku Amereka ndi nyama, usayembekeze mmodzi. Pabalaza panalibe popondera. Ana anali pamasitepe, azibambo ataima m'khonde lam'kati, majekete ataunjikidwa pabedi langa.

Kukhitchini kunali utsi. Nkhukundembo ija inakana kulowa mu uvuni wathu, ndiye anaikankha mokakamiza mpaka chitseko chinatsekeka mwa theka. Kunja inapserera. Nditabaya mpeni pantchafu, munatuluka madzi ofiira, ndipo m'kati mwenimweni mpeni unagunda ayezi.

"Uvuni wakowu ndi wachibwana," anatero achemwali. "Kwathu ikanapsa kalekale. Ingodula m'mbalimu, anthu adye."

"Achemwali, theka la anthu ali m'nyumba muno ndi anamwino, ali pa shifiti mawa. Mukufuna wodi zitatu zitseke?"

Ndinavula jekete yokha, yunifolomu ili m'thupi. Ndinatulutsa chinyamacho, ndinachiika pathabwa, n'kuyamba kuchikhapa ndi mpeni waukulu uja timadulira mafupa a mbuzi. Amayi awiri a kutchalitchi anamanga zitenje n'kundithandiza. Tinakazinga nthuli zake m'mapoto awiri, ndi anyezi, tomato ndi kale, ngati nkhuku ya pa chinkhoswe, n'kuphika mpunga. Achemwali anaima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno, akuti zimenezi si Thanksgiving.

Chakudya chisanagawidwe anaombera m'manja n'kulengeza kuti mwambo wake ndi woti anthu agwirane manja, aliyense anene chimene akuyamika. Sanadziwe anthu amene ankawauza. Woyamba anali mkulu wa mpingo wathu, bambo wa ku Ntchisi amene akapatsidwa mpata wopereka moni amayambira pa Genesis. Anayamika chifukwa cha ulendo wa mlendo, woyendetsa ndege, mvula ya kumudzi, mapepala a anthu okhalira m'dzikomo, amene anatuluka ndi amene sanatuluke. Wachiwiri sanafune kuchepera. Wachitatu anayambitsa nyimbo. Mpunga unkazizira ine ndikuuona. Itafika nthawi ya mwana wanga, anayang'ana amayi ake aakulu n'kunena m'Chingerezi kuti iye anayamika kale kusukulu mwezi watha, ndipo anapereka nyemba. Anthu anaseka. Itafika nthawi yanga, ndinati ndikuyamika kuti mbale wanga wafika bwino, ndipo ndikupempha kuti tidye.

Nyama inakoma, zimenezo sindingabise. Mkulu wa mpingo anawonjezera kawiri, n'kuyamikira achemwali kuti ku Amereka aphunzirako kuphika. Iwo anati zikomo. Anthu atapita, ndinatsuka mapoto, ndipo ndi mbale wanga tinali tisanalankhulane mawu opitirira khumi osakhudza nkhukundembo.

Lachisanu anadzutsa alamu awo m'mamawa, akuti ku Amereka tsiku lotsatira Thanksgiving masitolo amatsitsa mitengo ndipo anthu amachita kulimbirana pakhomo. Amuna anga anayesa kufotokoza kuti kuno ndi Lachisanu wamba, koma anapitabe nawo m'tauni. Anapeza mitengo ili pomwe inali. Madzulo anandilandira ndi madandaulo akuti dziko lino ndi lotsalira.

Loweruka linali tsiku langa. Ndinkafuna titseke chitseko, amuna anga atenge mwana apite kulikonse, ife tikhale. Koma achemwali anati sangabwerere opanda mphatso za anzawo a kuntchito, ndipo amva kuti ku Birmingham ndiye kuli masitolo enieni. Tinakwera sitima. M'tauni munali anthu ngati nyerere, mvula ikuwaza, nyimbo za Khirisimasi zili m'sitolo iliyonse. Tinalowa, tinatuluka, tinalowanso. Ankanyamula chinthu, kuchitembenuza, kunena kuti kwawo n'chotchipa, n'kuchibweza. Ine ndinali m'mbuyo ndi majumbo, mapazi akuyaka ndi mashifiti atatu aja.

Tili pamsika wa panja, akusankha masikafu, anatembenuka n'kunena kuti, "Koma iwe, ulendo wina ukamaitana munthu uzipempha holide. Ndakhala ngati ndabwera kudzaona alamu."

Ndinaika majumbo pansi, m'madzi momwemo.

Sindikumbukira zonse zimene ndinanena, koma ndinazinena m'Chichewa cha ku Zomba, mokweza, moti mwini masikafu anabwerera m'mbuyo. Ndinawauza za Khirisimasi imene ndinagulitsa. Ndinawauza za mwana amene ndinali ndisanamuuzebe. Ndinawauza za chipinda chopenta, za kusamba pasinki, za sabata yathunthu imene ikundidikira mawa iwo atapita, yoti ndidzakhale ndekha ndikuyang'ana makatani. Ndinati chiyambire ndili mwana, iwo akalakwitsa ndimakolopa ndine.

Anandiyang'ana, sikafu ili m'manja.

"Khirisimasi unapereka?"

"Ndinapereka."

"Chifukwa cha ine?"

"Nanga chifukwa cha yani?"

Anabweza sikafuyo pamalo pake. Anawerama, anatola majumbo onse okha, n'kunena kuti, "Ukanafunsa deti. Tiye kunyumba. Tsitsi lakoli likundichititsa manyazi."

Tinakwera sitima yobwerera. Titafika kunyumba tinapeza kuli zii, amuna anga atapita ndi mwana kokasambira. Achemwali anaponya khushoni pansi, anakhala pasofa, n'kundilozera pakati pa miyendo yawo, monga ankachitira pakhonde la kwathu Loweruka lililonse ndili kamtsikana. Anayamba kumasula tsitsi langa, limene linali litakhalitsa. Dzanja lawo linali lomwe lija, lolemera, lokoka ngati akuzula chinangwa. Ndikati mayo, ankandigogoda ndi chipeso.

Atafika pakati pa mutu anafunsa, mawu ali pansi, "Maliro a bambo anayenda bwanji?"

Bambo athu anamwalira achemwali ali kale ku Amereka, mapepala awo asanalongosoke, moti akanatuluka sakanaloledwa kubwereranso. Sanabwere. Pafoni nkhani imeneyi tinkaizemba zaka zonsezo. Tsopano, popeza sitinkayang'anana kumaso, inatheka. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira tsiku limene bambo anagonekedwa m'chipatala. Ankafuna kudziwa tinthu ting'onoting'ono: anavekedwa suti iti, ananyamula bokosi ndani, kwaya inaimba nyimbo yanji, amayi anadya tsiku liti. Anafunsa ngati bambo anawatchula. Ndinati anawatchula, ankafunsa ngati kumeneko akuvala zofunda. Manja anaima m'mutu mwanga. Ndinamva dontho lofunda likugwera pakhosi panga, kenaka lina. Sindinatembenuke. Patapita kanthawi anapitiriza kuluka, n'kuyamba kundiuza za moyo wawo: ntchito yosamalira okalamba ngati yangayi, kanyumba ka chipinda chimodzi, ndi mmene tsiku la Thanksgiving msewu wonse umanunkhira nyama m'nyumba za eni, iwo ali okha ndi wailesi ya kanema.

Tinacheza mpaka kunja kunachita mdima. Tinaseka za aphunzitsi athu akale, za mnyamata wa njinga amene ankawafuna, za tsiku limene tinaba mango kwa abusa n'kunamizira mchimwene wathu. Amuna anga ndi mwana atabwera, anatipeza tili pansi tonse awiri tikudya zotsala za nkhukundembo ndi manja, m'poto momwemo. Mizere imene anandiluka inali yothina moti nsidze zinakwera, koma inali yowongoka bwino.

Lamulungu tinawaperekeza kubwalo la ndege. Pachipata anandikumbatira, anandiuza kuti ndigule uvuni wina, n'kulowa osacheuka.

Lolemba holide yanga inayamba. Mvula inagwa sabata yonse. Ndinachapa makatani amene sanade, ndinagona masana, ndinadya nkhukundembo mpaka kuida. Mwana ndinamuuza za Khirisimasi Lachitatu lake pochokera kusukulu. Analira njira yonse, ndipo Khirisimasiyo itafika anakana kutsegula mphatso mpaka ine nditabwera madzulo, moti bambo ake anavutika naye tsiku lathunthu.

Ndi achemwali tinadzaonananso patapita zaka zingapo, kumudzi, paukwati wa mchimwene wathu wotsiriza. Dzulo lake la ukwati amayi tonse tinali pabwalo kukonza ndiwo. Ine ndinkadula kabichi, ndipo ndinamva mawu awo kumbali inayo, akusimbira azakhali athu ndi amayi za ulendo wa ku Mangalande.

"Ndinawoloka nyanja yonse ija kukamuona. Kufika, mwini nyumba kulibe. Masiku atatu! Kuchoka m'mamawa, kubwera usiku, kufikira kugona pampando. Nkhukundembo ndinachita kukagula ndekha, alendo kulandira ndekha. Akanapanda alamu, kaya ndikanatani."

Azakhali anagwira pakamwa. Amayi anandiitana ndi dzanja.

"Iwe, zimene ndikumvazi n'zoona? Mkulu wako kuchoka kutali konse kuja, iwe n'kumusiya m'nyumba ngati katundu? Tinakulera choncho?"

Ndinayamba kufotokoza. Ndinati Novembala wa chaka chimenecho anali ndi masiku a Lachinayi asanu. Ndinati kuntchito kuli rota. Ndinafika mpaka pa eni masitolo ndi aphungu a ku Amereka. Ndinkadzimva ndekha kuti ndikumveka ngati munthu wabodza. Azakhali anali atayamba kale kusankha mpunga, ndipo achemwali ankapukusa mutu mwachisoni, ngati munthu amene anakhululuka kalekale.

"Za azungu zakozo usatiuze," anatero amayi. "Mlendo ndi mlendo, kaya wabwera Lachinayi kaya Lolemba."

Ndinanyamula beseni langa ndi mpeni, n'kukakhala kuseri kwa khitchini, kumene kunali atsikana a kuchikazi amene sankatidziwa. Kabichi yense wa ukwati umenewo ndinadula ndine.